Mafilimu a kutha kwa dziko: ine maso anga amakhala pa anthu akumbuyo aja, osati mwini filimu

Mu filimu yotchedwa 2012, ya Roland Emmerich ija inatuluka mu 2009, muli kamalo kena kamene ndabwezapo kambirimbiri mpaka mchemwali wanga amene timakonda kuonera limodzi anafika pondilanda limoti. John Cusack ndi banja lake akwera kandege kakang'ono, Los Angeles akung'ambika pansi pawo ngati nsalu yakutha, kandege kaja kakudutsa pakati pa nyumba ziwiri zosanja zimene zikugwerana, nde ukayang'anitsitsa m'nyumba muja uona tianthu, tina tikulendewera tina tikuyoyoka ngati nyerere, sitima yapansi pa nthaka ikutulukira pamphako nkugwera kuphompho ndi anthu ake omwe. Kamera siyiima. Nyimbo ikukuuza kuti pumira m'mwamba, mwini filimu wapulumuka. Koma ine mtima umatsalira pa tianthu tija, chifukwa tinene zoona, tsiku ngati limenelo litati lafika ine ndi inu sitidzakhala John Cusack ayi, tidzakhala omwe akulendewera aja.

Nde mafilimu amtunduwu ine ndimawayeza chonchi. Zoti mzinda wagwa mokongola bwanji, masiku ano kompyuta imapanga zimenezo, aliyense wandalama atha kugwetsa New York. Funso langa limakhala loti malo akachepa akulowa ndani, akutsala panja ndani, ndipo filimuyo ikuwaona otsalawo ngati anthu kapena ngati zokongoletsera. Ndichenjezeretu kuti ena mwa mafilimuwa ndiulula mathero ake, ambiri ndi akalekale, musadzandide.

Tiyambe ndi 2012 yomweyo poti ndaiyamba kale. Ndi filimu yopusa, ndipo ndimaikonda, zonse ziwiri nthawi imodzi. Inakwera pa mantha aja a kalendala ya a Maya, anthu akale a ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, oti pa 21 December 2012 zonse zitha, ndipo sayansi yake ndi yongopeka kuti nthaka ipeze chifukwa chong'ambikira. Maola awiri ndi mphindi 38 za kuthawa basi, pa galimoto, pa ndege yaing'ono, pa ndege yaikulu, ulendo uliwonse msewu ukugumuka ndendende pamene tayala langochokapo kumene. Koma mkati mwa phokoso lonselo muli nkhani yowawa imene filimuyo imanena mosabisa: maboma amadziwa kale, anamanga zombo zikuluzikulu m'mapiri a ku China mwachinsinsi, ndipo mpando umodzi unkagulidwa 1 biliyoni ya ma euro. Njovu ndi akadyansonga akunyamulidwa pa helikoputa kupita ku zombo, anthu ali pansi akuyang'ana. Wasayansi wa ku India amene anayamba kutulukira vutolo, amene analonjezedwa kuti adzatengedwa, palibe anabwera kudzamutenga, anangoimba foni kutsanzika mnzake Chiwetel Ejiofor madzi akubwera kumbuyo kwake, iye ali ndi mkazi ndi mwana. Kagalu ka chibwenzi cha mpondamatiki wa ku Russia kanapulumuka. Ndipo ine sindinamukhululukirebe wolemba filimuyi pa zomwe anamuchita Gordon, bambo uja anali pa ubwenzi ndi mayi wa anawo, amene anaulutsa ndege ulendo wonse kupulumutsa banja lonse, kenako nkungophwanyidwa ndi magiya a chitseko cha chombo kuti mayi ndi mwamuna wake wakale abwererane bwinobwino, osamulira ndi komwe kkkk. Pamapeto zombo zikulowera ku Cape of Good Hope poti Africa ndi imene yatsala pamwamba pa madzi, ndipo ukayang'ana amene ali m'zombomo umangoti chabwino, alendo akubwera. Ioneni pa sikirini yaikulu, ndi anthu ambiri, muziseka. Pa foni imataya theka la mphamvu yake.

Chaka cha 1998 kunatuluka mafilimu awiri a chimwala chochokera kumwamba motsatizana, Deep Impact mu May, Armageddon patangotha miyezi iwiri. Anthu amakangana mpaka pano kuti yabwino ndi iti. Armageddon ya Michael Bay ndi imene inapanga ndalama zambiri chaka chimenecho padziko lonse, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, Bruce Willis ndi anyamata ake okumba mafuta atumizidwa kukaboola chimwala chachikulu ngati chigawo cha Texas ku America nkuikamo bomba, kwatsala masiku 18, nthabwala zili mbwee, nyimbo ya Aerosmith ija ikulira. Ben Affleck mwini wake anadzanena pambuyo pake kuti anamufunsa dayirekitala kuti bwanji osangophunzitsa akatswiri oyenda mumlengalenga kukumba m'malo mophunzitsa okumba kuyenda mumlengalenga, nde anangouzidwa kuti atseke pakamwa. Chimodzi ndiyamikepo, apa mwini filimu amafa, ndipo bambo akutsanzika mwana wake wamkazi pa sikirini paja ngakhale ouma mtima amameza malovu. Koma Paris amafafanizika m'masekondi ochepa ndipo palibe amene amamutchulanso.

Deep Impact ya Mimi Leder ndi imene ine ndimabwererako. Siithamanga, ena amati ndi yogonetsa, koma ndi filimu imene inakhala pansi nkuganiza kuti anthu angatani atauzidwa tsiku. Morgan Freeman ndi pulezidenti, akuyankhula pa wailesi ya kanema modekha ngati akuwerenga za nyengo, kuti boma lakumba mapanga ku Missouri okwana anthu 1 miliyoni, 200,000 asankhidwa kale, madokotala, asayansi, aphunzitsi, asilikali ndi ena otero, 800,000 otsalawo achita maere pa kompyuta, ndipo aliyense wopitirira zaka 50 m'maeremo mulibe. Basi. Kenako filimu imakusiya ndi anthu akudikira foni kuti ilire. Mayi wa mtolankhani uja Téa Leoni akumva zimenezi ali yekha m'nyumba, akudziwa zaka zake. Kamnyamata, Elijah Wood akadali wamng'ono, kakukwatira chibwenzi chake mwachangu kuti naye alowe pa mndandanda. Pamsewu wodzaza magalimoto osayenda, makolo akupereka khanda lawo kwa mwana wawo wamkazi kuti akwere njinga yamoto athawire kuphiri, iwo nkutsala atagwirana. Ndipo Téa Leoni mwini wake, amene anali ndi malo pa helikoputa, akumupatsa mnzake wakuntchito amene ali ndi mwana, iye nkupita kugombe kukaima ndi bambo ake amene anali atadana nawo, funde likubwera. Pamenepo mchemwali wanga amanamizira kuti akukatenga madzi.

Pang'ono za zenizeni poti mafilimu awiriwa amasokoneza anthu. Chimwala chimene chinathetsa ma dinosaur zaka 66 miliyoni zapitazo chinali cha makilomita pafupifupi 10 basi, pomwe Texas ndi makilomita oposa 1,000 m'mimba mwake, nde ganizani nokha ngati bomba limodzi lingachite kanthu. Chija chinaphulika pamwamba pa Chelyabinsk ku Russia pa 15 February 2013 chinali cha mamita ngati 20 okha koma chinavulaza anthu pafupifupi 1,500, ambiri ndi magalasi a mawindo, poti anthu ataona kuwala anathamangira pawindo kukasuzumira, ndipo ine ndikudziwa kuti ndikanakhala m'gulu lomwelo. Njira imene yayesedwapo zenizeni si yoboola ayi, ndi yogunda: pa 26 September 2022 NASA, bungwe la America la zamumlengalenga, inawombetsa dala chombo chake cha DART pa kamwala kotchedwa Dimorphos nkusintha nthawi imene kamatenga kuzungulira chimwala chinzake ndi mphindi zoposa 30. Kukankha pang'ono nthawi ikadalipo. Kungoti filimu ya zimenezo palibe angaionere, mulibe Bruce Willis.

Greenland ya 2020 ndinaiyamba ndikuyembekezera zachabechabe, poti Gerard Butler anali atangotipatsa Geostorm mu 2017 imene sindikufuna nkuikamba komwe. Ndinadabwa. Apa iye si msilikali, ndi injiniya wa zomangamanga ku Atlanta amene banja lake likugwedezeka, ndipo nyenyezi yamchira yotchedwa Clarke imene anthu amati ingodutsa yayamba kugwetsa zidutswa. Malo amene anandigwira ndi oyambirira. Ali ndi anansi pabalaza kuonera limodzi, chidutswa choyamba chagwera ku Tampa m'malo mogwera m'nyanja, kenako pa TV yake pomwepo pakubwera uthenga woti iye, mkazi wake ndi mwana wake asankhidwa kupita kumalo obisalako, anyamuke. Anansi onse akuwerenga. Mafoni awo ali zii. Mmene akutulutsa galimoto, mayi wina woyandikana naye akuima kutsogolo atagwira mwana wake wamkazi, akupempha kuti mutengeni yekhayu basi, ndipo iye akukana poti akudziwa kuti akakafika kuchipata mwanayo akabwezedwa nkutsala yekha. Palibe woipa pamenepo, nchifukwa chake zimawawa. Kenako nawonso akukanidwa pabwalo la ndege za asilikali chifukwa mwana wawo ali ndi matenda a shuga, odwala sakutengedwa, ndipo kachibangili kapamkono kosonyeza kuti unasankhidwa kakusanduka chinthu chimene anthu akuberana ana ndi kuphana. Theka lachiwiri limafooka, zinthu zimayamba kungochitika mwamwayi mwamwayi mpaka akafike kumalo obisalako ku Greenland, koma ola loyambalo ndi labwino kuposa mafilimu ambiri a ndalama zochuluka kuposa iyi.

Amene simuopa kuwerenga mawu apansi, fufuzani The Wave ya ku Norway, 2015, dayirekitala Roar Uthaug. Dziko silikutha apa, ndi katawuni kamodzi, Geiranger, kali m'mphepete mwa nyanja yopapatiza pakati pa mapiri. Phiri lotchedwa Åkerneset lili ndi mng'alu, likagumukira m'madzi funde la mamita 80 lifika mtawuni pakatha mphindi 10. Choopsa nchoti phirilo lilipodi, mng'aluwo uliponso ndipo amauyeza usana ndi usiku, komanso zoterezi zinachitikapo ku Tafjord mu 1934 anthu 40 nkufa. Filimuyi imatenga nthawi yake, pafupifupi theka lonse ndi bambo wina katswiri wa miyala amene akusamuka ntchito koma mtima ukukana, akuvutitsa anzake kuti manambala awa sali bwino, iwo akuti kaya ndi mawaya chabe, tikaliza belu pachabe nyengo ya alendo ino tiyankha chiyani. Nde sayirini ikalira usiku, iye akutchera wotchi yake pa mphindi 10 ndipo iwe woonera umawerenga naye limodzi. Msewu wokwera phiri ndi umodzi, magalimoto athinana, anthu akutsika kuyamba kuthamanga wapansi atanyamula ana, mayi wina woyandikana naye wapanikizika mwendo pakati pa magalimoto awiri. Zimene mkazi wake akuchita m'chipinda chapansi pa hotela madzi akudzaza, ndi bambo wina amene mantha amupenga, sindinena, koma mudzakhala chete kwa kanthawi. Funde lenilenilo limaoneka mwina mphindi imodzi yokha. Likukwana.

The Impossible ya J. A. Bayona, 2012, ndi ya zinthu zimene zinachitikadi, tsunami ya pa 26 December 2004 imene inapha anthu pafupifupi 230,000 m'maiko 14. Naomi Watts, Ewan McGregor ndi Tom Holland asanakhale Spider-Man, banja lili pa tchuthi ku Khao Lak ku Thailand. Mphindi zimene mayi ndi mwana wake wamkulu akukokoloka sindinaonepo zofanana nazo, madziwo ndi enieni, anajambulira m'chidziwe chachikulu ku Spain, ndi akuda, odzaza zitsulo ndi mitengo, ndipo chimene chikukupweteka si kumira kokha koma zimene zikukubaya pansi pa madzipo. Mwana akaona bala la kumwendo kwa mayi ake nkutembenuza nkhope, nawenso umatembenuza. Pali pena McGregor wabwereka foni ya munthu wosamudziwa kuti aimbire kwawo, akulephera kumaliza mawu, akudula msanga poopa kutha batire la mwini wake, mwini foniyo nkumubwezera kuti imbaninso, simungasiyire pamenepo. Komanso Tom Holland akuzungulira m'chipatala ndi kapepala akuitana maina a anthu osowa. Koma pa muyeso wanga uja filimuyi ili ndi mlandu, ndipo ambiri anadandaulapo. Banja lenileni linali la ku Spain, la María Belón, mufilimu analisandutsa loyankhula Chingerezi, izo nzazing'ono, chachikulu nchoti eni dziko amene anataya nyumba, ana ndi zonse akungooneka ngati othandiza alendo, agogo aja akumukoka mayiyo m'matope, amayi akumuveka malaya, anthu akumunyamula pa chitseko, osamva dzina la mmodzi yemwe. Pamapeto kampani ya inshuwalansi ikutumiza ndege kudzatenga banjalo kupita nalo ku Singapore, ndege yonse mipando ili mbee, pansi anthu ali mbalambanda. Ioneni ndithu, ndi yamphamvu, koma mukamaona ndege ija ikunyamuka yang'anani pansi.

Contagion ya Steven Soderbergh inatuluka 2011 anthu nkungoti eya filimu yabwino, kenako mu 2020 aliyense anaithamangira ngati muli mayankho. Ine ndinaionera kachiwiri nthawi imeneyo ndipo ndinalakwitsa, tulo sindinatione bwino. Mulibe kuphulika. Kamera imangokakamira pa zinthu zimene dzanja lakhudza, chitsulo chogwirira m'basi, kapu, khadi la kubanki, chogwirira chitseko. Gwyneth Paltrow, amene umaganiza kuti ndi mwini filimu, wafa mphindi zoyambirira zomwe, ndipo Matt Damon akuuzidwa ndi dokotala kuti mkazi wanu wamwalira iye nkumafunsabe kuti chabwino nde ndingayankhule naye. Kate Winslet, dokotala amene akuthamanga kukonza malo ogonekapo odwala m'bwalo la masewero, akudwala nkugonekedwa momwemo, akumwalira akuyesa kupereka jekete lake kwa wodwala mnzake amene akunjenjemera, nkuikidwa m'dzenje limodzi ndi ena onse atakulungidwa m'pulasitiki. Jude Law ndi uja amalemba pa intaneti kuti boma likubisa mankhwala, iye akugulitsa ake abodza otchedwa forsythia nkumalemera, ndipo tonse tinadzawaona anthu otere ndi maso athu. Katemera atapezeka, mndandanda uja wabweranso: maere a masiku obadwa, wina alandira sabata ino wina adikira miyezi. Laurence Fishburne, bwana wamkulu wa zaumoyo, anali atatsina khutu chibwenzi chake kuti chituluke mu Chicago asanatseke misewu, wokolopa muofesi nkumumva, nkumuuza kuti nafenso tili ndi abale. Filimuyi siimupanga mngelo kapena chigawenga, pamapeto akupereka katemera wake kwa mwana wa wokolopa uja. Ndipo imayamba pa tsiku lachiwiri, tsiku loyamba amakusungira kumapeto: thirakitala ikugwetsa mitengo, mleme ukuthawa, ukugwetsa chidutswa cha nthochi m'khola, nkhumba ikudya, wophika akugwira nkhumbayo nkungopukuta manja pa epuloni nkupereka moni. Pa mafilimu onse ndatchula pano iyi ndi imene sayansi yake ili pafupi kwambiri ndi zoona, kachilombo kake anakatengera ku kenikeni kotchedwa Nipah.

Za mazombi ndinatopa nazo kalekale koma Train to Busan ya ku South Korea, 2016, ya Yeon Sang-ho, ndi nkhani ina. Gong Yoo ndi bambo wokonda ntchito kuposa mwana, akuperekeza mwana wake wamkazi pa sitima yothamanga kuchoka ku Seoul kupita ku Busan kwa mayi ake, mtsikana wina wolumidwa walowa chitseko chikutsekeka, basi zayambika. Chimene chimandisangalatsa nchoti mwini filimu akuyamba ali munthu woipa. Akutsekera chitseko bambo wina ndi mkazi wake woyembekezera akuthawa, ndipo mwana wake atapereka mpando kwa agogo ena iye akumulangiza kuti nthawi ngati ino uzidziganizira wekha. Bambo anatsekeredwa uja ndi Ma Dong-seok, chimunthu cha mikono ngati mitsi, amene akumanga tepi m'mikono nkuyamba kuwaswa mazombi ndi zibakera, ndipo aliyense amene ndinaonera naye filimuyi amamukonda iyeyu kuposa wina aliyense. Koma pachimake si pa mazombi ayi. Ndi pamene iwo avutika kudutsa mabogi angapo kupulumutsa anzawo, afika pa bogi ya anthu amoyo, anthu amoyowo nkumanga chitseko kukana kutsegula, motsogozedwa ndi bwana wina wa suti amene akukuwa kuti alumidwa amenewo. Anthu wamba, amantha, ngati ife tomwe. Zimene agogo ena aakazi akuchita ataona mchemwali wawo kuseri kwa galasi, ine ndinaimirira. Mathero ake musaonere pagulu ngati mumachita manyazi kulira.

Ena ndingowadutsa msanga. The Day After Tomorrow ya 2004, ya Emmerich yemwe uja, ili ndi anthu akuthamangitsidwa ndi kuzizira m'khonde ngati kuzizirako kuli ndi miyendo, ndi mimbulu yapakompyuta yosafunikira, koma ndimaipatsa ulemu pa zinthu ziwiri, ana aja atsekeredwa mu laibulale ya New York akukangana kuti awotche mabuku ati nkugwirizana pa a malamulo a misonkho, komanso anthu a ku America akuwoloka mtsinje wa Rio Grande mozemba kuthawira ku Mexico, Mexico atatseka malire. Mafunde a m'nyanja ya Atlantic amene amanyamula kutentha aja alipodi ndipo asayansi amada nawo nkhawa, kungoti sizingachitike m'masiku atatu. San Andreas ya 2015, Dwayne Johnson ndi woyendetsa helikoputa yopulumutsira anthu ku Los Angeles, chivomezi chikuchitika, iye nkutenga helikoputa ya boma kukapulumutsa mkazi wake ndi mwana wake basi, mzinda wonse uone chochita, ndipo filimu ikumuombera m'manja. Pa muyeso wanga imeneyi yalephera, ngakhale boti likukwera funde pa mlatho wa Golden Gate paja ndinakuwa nawo. Twister ya 1996 ndi ng'ombe youluka ija ikadali bho mpaka pano, ndipo Twisters ya 2024 siinachititse manyazi. Independence Day, 1996 yomweyo, Will Smith akumenya chibakera mlendo wochokera kumwamba, White House ikuphulika, adani amphamvu chonchija akugonja ndi vayirasi ya pa laputopu, musafunse zambiri ingosangalalani. Moonfall ya 2022 ndinagona, nditadzuka mwezi unali ukugwabe.

Don't Look Up ya Adam McKay, 2021, imagawa anthu pakati. Leonardo DiCaprio ndi Jennifer Lawrence atulukira nyenyezi yamchira imene igunda dziko pakatha miyezi 6 ndi masiku 14, akupita kukauza pulezidenti Meryl Streep, iye akuti tidikire kaye zisankho zidutse, pa TV akuwauza kuti nkhaniyi muinene mosangalatsa. Ndi yaitali mopitirira, nthabwala zina amazibwereza mpaka kutopetsa, ndipo nthawi zina imakhala ngati ikukukalipira. Koma mpondamatiki wa mafoni uja, Mark Rylance, amene akuimitsa ntchito yophwanya nyenyeziyo chifukwa muli miyala yamtengo wapatali, kenako zitavuta nkudzuka mwakachetechete kupita ku chombo chake chimene anakonzeratu cha anthu 2,000, pulezidenti nkuthawa naye mpaka kuiwala mwana wake yemwe pampando, ameneyo ndi filimu ya 2012 ija yopanda chigamba. Ndipo chakudya chomaliza chija, banja ndi abwenzi atakhala patebulo akukamba nkhani wamba makoma akuyamba kunjenjemera, chinandikhululukitsa zonse zinanditopetsa.

The Road ya 2009, Viggo Mortensen ndi mwana wake akukankha kangolo m'dziko la phulusa, mfuti ili ndi zipolopolo ziwiri zokha ndipo ukudziwa kuti ndi za ndani, ndi yabwino kwambiri koma ndinaionera kamodzi ndipo sindidzabwerezanso. Musaionere tsiku limene mtima uli kale pansi.

Imene ndimaiika pamwamba pa onse ena amati si ya gulu lino nkomwe, poti mulibe chimwala, mulibe funde, mulibe kachilombo kooneka. Children of Men ya Alfonso Cuarón, 2006, yochokera m'buku la P. D. James. Chaka ndi 2027, padutsa zaka 18 padziko lonse osabadwa mwana ndi mmodzi yemwe. Dziko likutha mwakachetechete, masukulu ali pululu, anthu akupitabe kuntchito. Ikuyamba ndi anthu ataunjikana mu shopu ya khofi ku London akulira pa TV poti munthu wamng'ono kwambiri padziko, wa zaka 18, waphedwa, Clive Owen akudutsa pakati pawo osalabadira, akugula khofi wake, akutuluka, ndipo shopu ija ikuphulika kumbuyo kwake. Britain watseka malire, othawa kwawo akusungidwa m'makola achitsulo m'mbali mwa msewu ndi pa siteshoni. Nde apa ndi pamene filimuyi inandigula: kamera imamusiya mwini filimu. Iye akuyenda, kamera ikutembenuka yokha nkukaima pa agogo ena ali mu khola akuyankhula chinenero chimene palibe akuwamva, pa katundu wa anthu akuponyedwa kuchokera m'mawindo, pa mayi atanyamula mtembo wa mwana wake pamsewu, kenako nkuthamanga kukamupeza. Tianthu tapawindo tija ta mu 2012, kuno tili ndi nkhope.

Ntchito ya Clive Owen ndi kuperekeza Kee, mtsikana wachikuda wothawa kwawo, mmodzi mwa omwe akutsekeredwa m'makola aja, amene ali ndi pakati, kuti akafike ku boti lodzamutenga. Clive Owen filimu yonse sagwira mfuti, kwina akuthawa atavala timapatapata poti nsapato anazisiya, galimoto yothawira ikukana kulira mpaka kuchita kukankha. Pali malo awiri ojambulidwa ngati kamera sinadulidwepo, ena m'galimoto akuukiridwa m'nkhalango, mphindi imodzi anthu akuseka kuseweretsa kampira mkamwa mphindi yotsatira wina wafa, ena kumsasa wa othawa kwawo ku Bexhill nkhondo itabuka, magazi mpaka kudontha pa galasi la kamera nkukhala pomwepo. Iye akulowa m'nyumba yosanja imene asilikali akuiwomba ndi akasinja, akumupeza Kee pakona ndi khanda likulira, akuyamba kutsika masitepe. Anthu obisala m'makonde akutulutsa mitu, ena akutambasula manja kuti angokhudza kaphazi, mayi wina akuyamba kuimba chapansipansi. Asilikali akukwera masitepe mfuti zili m'manja, wakutsogolo akumva kulirako nkukuwa kuti lekani kuwombera, onse akupatuka, ena akugwada, ena akuchita chizindikiro cha mtanda, anyamata oti ena mwa iwo khanda sanalionepo chikhalire. Awiriwo akudutsa pakati pawo pang'onopang'ono mpaka panja, kuli zii, kukumveka khanda lokha. Kenako roketi ikuchokera m'nyumba muja, asilikali onse akutembenuka nkuyambiranso kuwombera, ndipo Kee ndi mwana wake akupitiriza ulendo wopita ku boti palibenso amene akuwayang'ana.